Bambo anga ankagwira mgodi wa asibesitosi ku Joni, pano akubanika. Chipukuta misozi chingatheke?

Nachisale_wa_ku_Dedza

Abale ndithandizeni maganizo. Bambo anga ali ndi zaka 74, ali mnyamata anapita ku Joni selefu, sanadzere ku Wenela ngati anzawo, ndiye anakagwira ntchito pa mgodi wina wa asibesitosi kuyambira 1970 mpaka 1975. Iwo amati ntchito yawo inali yothira zija ngati thonje m'masaka, pomaweruka tsitsi ndi nsidze zili mbuu, ukamina mphuno kumatuluka zomwezo, chotseka kukamwa kunalibe kupatula kansalu komwe munthu wadzimangira wekha. Chaka chathachi anayamba kutsokomola kosatuluka makhololo, kenako befu, kungochoka pakhonde kupita kuchimbudzi amaima kawiri atagwira mtengo wa mango. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi, anamwa onse osaphonya ndinkawawerengera ndine, koma palibe chasintha, makhololo anayeza kawiri osapeza kanthu. Mwezi watha anawachotsa madzi m'chifuwa odzadza botolo lalikulu ndipo adokotala ena achinyamata ndi amene anafunsa kuti kodi agogo munagwirapo kumigodi? Aka kanali koyamba munthu kufunsa funso limeneli.

Ndiye funso langa, zaka 50 zadutsa, nzoona matendawa angachokere kumeneko? Nanga ngati ndi choncho alipo amene angalipire? Kumudzi kuno kwabwera bambo wina akulemba maina a anthu a Theba akuti aliyense apereke 20 pin ya fomu, mayi akufuna agulitse mbuzi.

Mjomba_Kempton

Mbuziyo isagulitsidwe chemwali, ndiyambe ndi pamenepo. Njira zonse zenizeni zomwe ndikuzidziwa kuno ku Joni kulembetsa kwake ndi kwaulere, wina akangoti perekani ya fomu dziwani kuti akufuna kukudyerani masuku pamutu. Ndipo anthu amenewa amasakaniza dala nkhani, amatchula Tshiamiso Trust poti yamveka kwambiri ndi ma 5 biliyoni randi ake aja, koma Tshiamiso ndi ya amene ankagwira migodi ya golide, matenda a silicosis ndi TB. Asibesitosi mulibemo.

Za asibesitosi zili pakepake. Mu 2003 kampani ya Gencor ndi ena anagwirizana zolipira ndalama zoposa 400 miliyoni randi atasumilidwa ndi loya Richard Spoor, ndiye pakhazikitsidwa Asbestos Relief Trust. Mu 2006 panabweranso ina, Kgalagadi Relief Trust. Vuto lake nlakuti salipira aliyense amene anakhudzako asibesitosi, amaona mgodi wake ndi zaka zimene munthu anagwirako, ngati mgodi wa madala suli pa mndandanda wawo ndiye basi akubwezani mwaulemu. Nchifukwa chake funsani madala dzina lenileni la mgodi ndi la kampani, osangoti ku Joni, Joni ndi wamkulu. Kunali migodi ya asibesitosi wa buluu cha ku Kuruman ndi Prieska, wa bulauni ku Penge, woyera ku Msauli kufupi ndi Barberton, eni ake osiyanasiyana.

Njira ina ndi ya boma. Kuli lamulo la 1973 la matenda a m'migodi, ofesi yake ndi MBOD ku Braamfontein mu Johannesburg, iwo amaunika ekisile ndi zotsatira za mapapo nkunena ngati munthu ali woyenera kulipidwa, ndalama imatuluka ku CCOD, ofesi ya boma yolipira chipukuta misozi cha matenda a m'migodi. Lamuloli silisankha kuti ndiwe mbadwa kapena mlendo bola unagwira pa mgodi wa kuno. Koma ndisakunamizeni, amachedwa zoopsa, mafayilo amagona zaka.

Nesi_Wopuma

Pa funso lanu loyamba mwana wanga, inde nzotheka ndithu, ndipo ndi mmene matendawa amachitira. Timaulusi ta asibesitosi ndi tating'ono kuposa tsitsi kutalitali, tikalowa m'mapapo sitisungunuka sitituluka, timangokhala momwemo nkumalasa pang'onopang'ono. Ena mapapo amauma nkukhala ndi zipsera, ndiye asbestosis imeneyo, munthu amapuma ngati wamangidwa lamba pachifuwa. Ena imakhala khansa ya m'mapapo, makamaka ngati ankasutanso fodya, ziwirizi zikakumana ngozi imachuluka kwambiri. Ndiye pali ina yotchedwa mesothelioma, khansa ya kachikopa kokuta mapapo, imeneyi imatha kudikira zaka 20, 30 mpaka 50 isanaonekere ndipo nthawi zambiri imayamba ndi madzi m'chifuwa. Sindikuti bambo ali ndi imeneyi ayi, madzi m'chifuwa amabweranso ndi TB yomweyo kapena mtima, koma madokotala aganizireko. Ndipotu nkhani yoti asibesitosi amayambitsa mesothelioma inatsimikizika ku South Africa komweko mu 1960, dokotala Wagner ndi anzake atafufuza odwala ochokera kumadera a migodi ya buluu ija. Tangoganizani, bambo anu ankalowa ntchito patatha zaka khumi zimenezi zikudziwika kale.

Ife kuno tinazolowera kuti nkhalamba ikatsokomola, ekisile nkuoneka yoyera pena pake, basi TB, imwani mankhwala. Inenso ndinachitapo zimenezo zaka zanga zonse zaunesi, sindinafunsepo munthu kuti munkagwira ntchito yanji. Chimene muchite, bwererani kwa dokotala wachinyamata uja, mumupemphe alembe m'buku la kuchipatala mawu oti anagwira pa mgodi wa asibesitosi zaka zakuti, apemphe kuti atumizidwe ku chipatala chachikulu akajambulidwe CT komanso ngati nkotheka atengeko kanyama kokayeza. Popanda pepala lonena dzina la matenda palibe loya kapena trust amene angakumvereni. Ekisile zonse sungani, ngakhale zakale zija zili pansi pa matilesi.

Komanso mayi anu, kodi anali nawo ku Joni? Azimayi ambiri anadwala chifukwa chokutumula ndi kuchapa maovolosi a amuna awo.

Achimwene_Zvishavane

Ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe, agogo anachoka ku Ntcheu kudzagwira migodi ya konkuno, a Nyasaland analipo ambirimbiri ku Shabanie ndi ku Mashava moti mpaka lero gule wamkulu amavinidwa m'makomboni. Ife tinakula tikusewera pa zulu za zinyalala za mgodi zija, kutsetsereka pa katoni, kubwera kunyumba tili tuu ngati tagwera mu ufa kkkk pano ndikaganiza sindiseka. Kuno akuluakulu amalimbikira kuti wathu ndi woyera, alibe vuto, oopsa ndi wa buluu wa ku Joni. Nzoona wa buluu ndi woopsa kwambiri koma a WHO amanena poyera kuti mitundu yonse imayambitsa khansa. Migodi inaima kalekale koma zulu zija zikadalipo, mphepo ya Ogasiti ikawomba fumbi lonse m'nyumba za anthu.

Koma ndimafuna ndinene za kwanuko, musaone ngati nkhaniyi ndi ya madala a kumigodi okha. Nditabwera ku maliro chaka china ndinaona nyumba zakale za boma, masukulu, zofolera ndi malata a asibesitosi otuwa aja, ena osweka, ndipo mnyamata wina akudula limodzi ndi gilayinda kuti apangire khola la nkhuku, fumbi kuti kobo, ana ataima pompo kuonerera. Lata likakhala lathunthu pamwamba osalikhudza ngozi yake ndi yochepa, vuto ndi kudula, kuboola, kupala ndere ndi bulashi ya waya kapena kusesa zidutswa pouma. Ngati mwakakamizika kulichotsa linyowetseni kaye, litsitseni lathunthu osaponya pansi, ndipo zidutswa musawazire pamsewu kapena kuikapo mbaula. Ku South Africa analetseratu asibesitosi mu 2008, ku Britain mu 1999, koma malata akale aja sanapite kulikonse.

Loya_Wa_Mawa

Ndikadali pasukulu ya malamulo ndiye musanditenge ngati loya wanu, koma ndiwonjezereko. Anthu akamva za mlandu wa Cape plc, kampani ya ku Britain yomwe inali ndi migodi ya asibesitosi ku South Africa, amaganiza kuti aliyense akhoza kukasuma ku London. Zinachitikadi, mu 2000 a House of Lords, khoti lalikulu la ku Britain nthawi imeneyo, analola anthu oposa 3,000 a ku South Africa kuti mlandu wawo umvedwe ku England komwe kunali likulu la kampaniyo, kenako anachuluka mpaka pafupifupi 7,500, poyamba anagwirizana 21 miliyoni paundi koma kampani inalephera kupereka, mapeto ake mu 2003 kampaniyo inatulutsa 7.5 miliyoni paundi yokha, gawani nokha pa anthu onsewo muone. Ambiri anamwalira akudikira. Ndalama imeneyo inali ya amene anali pa mlanduwo, inatha. Kuyamba mlandu watsopano nokhanokha kuchokera ku Dedza ndi phiri, ine ndingati yambani ndi MBOD ndi ma trust anena a Mjombawo.

Poti anapita selefu mwina ku TEBA (Theba uja, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi) dzina lawo kulibe, komabe funsani, ena ankalembedwa atafika kale. Umboni wina ndi pasi yakale, khadi la kuntchito, nambala ya pamkono ija, ma silipi a malipiro, makalata omwe ankatumiza kumudzi okhala ndi sitampa ya komweko, ngakhale mnzawo amene anagwira naye akhoza kulumbira kwa komishonala. Pitaninso ku ofesi ya Labour ya boma lanu ndi ku Legal Aid Bureau akuthandizeni kulemba makalata, musatumize ma orijino, mafotokope okha. Ndipo pepani kunena izi bambo ali moyo, koma ajambuleni pafoni akufotokoza okha dzina la mgodi, zaka, ntchito yake, dzina la kapitawo, chifukwa zinthu zikavuta mayi ndi amene adzatsale akutsatira ndipo adzafunsidwa zomwezi.

Nachisale_wa_ku_Dedza

Zikomo nonse, mbuzi yapulumuka, bambo wa mafomu uja nditamufunsa kuti ofesi yanu ili kuti anangoti ndibweranso Lachisanu. Mayi sanapite nawo ku Joni, anakwatirana atabwerako. Dzulo tinatsegula sutukesi yachitsulo ya bambo ija, muli zithunzi, baibulo la Chizulu ndi kakhadi kachikasu kolembedwa nambala ndi dzina la kampani, theka linadyedwa ndi njenjete koma likuwerengeka. Kujambula ndayamba, amalankhula pang'ono nkupuma, ndiye tikupanga mphindi zisanu zisanu. A Mjomba ndakutumizirani chithunzi cha khadilo ku inbox, mundionereko ngati dzinali lili pa mndandanda uja. Lolemba tikulawira ku Lilongwe ndi kalata ya adokotala.