Ndingaipeze kuti renikoti yopanda mikono muno mu Lusaka?

Muli bwanji nonse m'gulu muno? Ndithandizeni nzeru, ine zandikanika.

Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati ku Chilenje, ndipo mvula yake mukuiona nokha. Ndikufuna renikoti yopanda mikono, ija yongoponya pamapewa n'kutsika mpaka m'mawondo, yoti ndikavala pamwamba pa diresi yachitenje ndizionekabe wopita kuchisangalalo, osati kumunda.

Ku Kamwala ndinapeza zapulasitiki zopyapyala zokhazokha. Ndinagula imodzi, inang'ambika pakhosi tsiku lomwelo potsika minibasi, ndipo mkati mwake thukuta linali kamukamu ngati andimanga m'jumbo. Pa salaula ku Soweto ndapitako kawiri, kuli majekete aakuluakulu aamuna basi. Ambulera ndiye musanene, mphepo inaitembenuza pa Cairo Road anthu akuona.

Telala wanga akuti akhoza kusoka, koma sadziwa kogula nsalu yosalowa madzi, komanso akuopa kuti madzi azidzalowera m'misoko.

Ndine wamfupi, ndikufuna yakuda kapena yabuluu, yokhala ndi chipewa chake. Alipo anaigulapo muno mu Lusaka? Apo ayi, nsaluyo imagulitsidwa kuti, ndipo misoko amaimata ndi chiyani?