Mapeleti anga akungogwera pansi kumanzere, ndisinthe chiyani?

Wongoyamba Kumene:
Abale anga pagulu pano ndithandizeni, mutu waima. Ndayamba masewera owomba chandamale chaka chino ndipo mpikisano wanga woyamba wayandikira, koma mapeleti (tizipolopolo ta mfuti ya mpweya) akungogwera pansi kumanzere kwa chandamale. Ndimalunjika bwinobwino, ndikawomba n'kuyang'ana, pansi kumanzere basi. Kochi wathu amabwera tsiku limene wafuna, ndipo akabwera amangotanganidwa ndi anyamata omwe amadziwa kale, enafe amangotiuza kuti "pitirizani". Kunyumbanso mayi a ana akudandaula kuti ndalama zikuthera ku mapeleti, ndiye ndimafika kowomberako mtima uli m'mwamba kale. Palinso mkulu wina amaima pambali panga, amatsokomola nthawi yeniyeni imene ndikukoka trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powomba), ndipo ndikukayika kuti amachitira dala. Ndinapotokolako tizitsulo ta sight (cholunjikira cha pa mfuti) koma zangoipiraipira. Kodi ndifewetse trigger? Ndisinthe mapeleti? Kapena mfutiyi yakalamba? Ndinagula kwa munthu ndipo sanandipatse buku lake.

Chiphaliwali:
TRIGGER achimwene! Musataye nthawi ndi zina. Trigger ikakhala yolimba, chala chimalimbana nayo, mfuti n'kugwedezeka peleti isanatuluke. Yanga ndinaifewetsa mpaka umangoikhudza pang'ono yawomba. Fewetsani lero lomwe.

Mayi a Tadala:
Tayambani mwatiuza bambo, mukuwomba pistol kapena rifle? Nanga mumagwira ndi dzanja liti?

Chiphaliwali:
Zilibe kanthu zimenezo amayi, trigger ndi trigger.

Mayi a Tadala:
Zili ndi kanthu kwambiri. Pa air rifle ya mamita 10 malamulo a ISSF, bungwe loona za masewera owomba padziko lonse, sanaike malire a kufewa kwa trigger, koma pa air pistol iyenera kunyamula magalamu 500 osawomba. Amayeza pokolekapo mwala wa sikelo. Munthuyu akatsatira zanuzo n'kupezeka kuti ndi wa pistol, akamuchotsa mumpikisano. Mudzamupepesa ndinu?

Chiphaliwali:
Ndani wanena kuti atsitse kupyola 500? Ambiri amagula mfuti yakale ili pa 700 kapena 800 osadziwa. Inetu ndawomba zaka zambiri, sindikulankhula zongomva.

Mdala Wopuma:
Ana inu mumakonda sikuludiraiva kuposa kuwomba. Munthu wongoyamba asagwire kalikonse pa mfuti kupatula sight. Mwana wanga, tenga pepala latsopano, uwombe mapeleti khumi osasintha chilichonse, osasuzumira ngakhale kamodzi pamene agwera. Ukatero uone. Ngati aunjikana pamodzi, vuto ndi la sight ndipo n'laling'ono. Ngati amwazikana ngati mpunga wotayika, vuto lili m'dzanja lako, ndipo ngakhale utapotokola mpaka mawa suphula kanthu.

Achimwene a Rifle:
Ine zimenezi zinandionetsa zakuda. Ndinagula mfuti kwa munthu, osadziwa kuti kalabala ka pa cylinder (botolo losungira mpweya) kanatha. Mpweya unkatuluka pang'onopang'ono ndipo mapeleti ankatsika ndikafika pakati pa mpikisano. Ndinkangodziona ngati ndatopa. Wogulitsayo mpaka lero sayankha foni. Taonani deti la pa cylinder yanu, malamulo salola yopitirira zaka 10, ndipo muone ngati ikusunga mphamvu ya mpweya ya 200 bar usiku wonse mukaidzaza.

Chiphaliwali:
Cylinder imatsitsa pansi, siipititsa kumanzere. Kumanzere ndi chala. Ndiye tabwerera pomwe ndinayambira paja, TRIGGER.

Aunt Nabs:
Koma za mkulu wotsokomolayo zandiseketsa. Mugulireni mankhwala a chifuwa, mwina ma pointi akwera.

Bambo Mlangizi:
Ine chandikhudza ndi cha kunyumbacho. Bambo, khalani pansi ndi mayi mugwirizane za ndalama poyamba. Masewerawa amafuna mtima wodekha. Simungaime mphindi 75 n'kuwomba ka 60 molongosoka mutu uli pa mkangano wa m'mawa.

Mayi a Tadala:
Za ndalamazo zili ndi njira yake. Kuyeserera kowomba popanda peleti sikudya ndalama. Mfuti zambiri za mpikisano zili ndi kabatani koti trigger izingolira "tiki" osatulutsa mpweya. Imani moyang'ana khoma loyera lopanda chizindikiro, diso likhale pa sight ya kutsogolo, mukoke pang'onopang'ono molunjika kumbuyo. Ikalira, sight isasunthe. Ikagwedezekera pansi kumanzere, mwaliona nokha vutolo. Kwa wa dzanja lamanja pa pistol nthawi zambiri zimachitika chifukwa chokoka modzidzimutsa, kapena zala zitatu zam'munsizi zikufinya grip (chogwirira cha mfuti) pamodzi ndi chala chowombera. Koma chonde muyambe mwatsimikiza kuti mulibe peleti, ndipo ngati mfuti yanu ndi ya sipuling'i musayese, mudzaiononga.

Chiphaliwali:
Mwaona? Nanunso mwafika pa trigger.

Mayi a Tadala:
Ndafika pa chala, osati pa sikuludiraiva.

Mnyamata wa Mapeleti:
Palibe amene wanena za mapeleti. Onse amalembedwa 4.5 mm koma mitu yake imasiyana, pali 4.49, 4.50, 4.51, ndipo mfuti iliyonse ili ndi amene imagwirizana nawo. Ine ndinasintha kuchoka pa ena kupita pa RWS R10 ndipo ndinaona kusiyana.

Mdala Wopuma:
Kusiyana kumeneko ndi kwa anthu amene akulimbirana ma pointi 10.5 ndi 10.9 pa rifle, kumene teni (pakati penipeni pa chandamale) ndi kadontho ka theka la milimita. Pa pistol teni ndi mamilimita 11.5, peleti iliyonse yabwino ya mutu wafulati ikwana. Munthu amene akugwera kunja kwa bwalo lakuda la pa chandamale vuto lake si peleti. Ndipo mwana wanga, uyese izi: ima monga umaimira, tseka maso, kweza mfuti, tsegula. Ngati yaloza kumanzere kwa chandamale, usakankhe ndi mkono, suntha phazi lakumbuyo mpaka thupi liloze lokha pakati. Ukakakamiza ndi mkono, umabwerera kwawo nthawi yowomba.

Achimwene a Rifle:
Komanso pa sight paja mwati zaipiraipira, mwina munapotokolera kolakwika. Lamulo n'lakuti sight ya kumbuyo imapita kumene mukufuna mapeleti apite. Koma mfuti zambiri za ku Germany zimalembedwa "bei L", kutanthauza kuti mupotokolere kumeneko ngati mapeleti akugwera kumanzere. Ine ndinasokonezeka nazo. Muziwerenga ma click ndi kuwalemba kuti muzitha kubwerera pomwe munali.

Chiphaliwali:
Kunena zoona, mfuti yogula kwa munthu yopanda buku ndi mavuto okhaokha. Sungani ndalama mugule Steyr kapena Walther yatsopano, trigger yake mudzaimva nokha.

Bambo Mlangizi:
Munthu akuti kunyumba kwavuta chifukwa cha mapeleti okha, inu mukuti agule mfuti ina? Mukufuna banja lithe?

Chiphaliwali:
Ine ndikunena za masewera, za banja akambirane okha.

Wongoyamba Kumene:
Zikomo nonse abale anga, ndawerenga zonse. Lero kochi sanabwerenso, ndipo mkulu uja anaimanso pambali panga. Ndinabwereka sikuludiraiva koma mfutiyi ili ndi ma screw atatu pafupi ndi trigger. Achimwene Chiphaliwali, ndipotokole iti?

Mayi a Tadala:
Musapotokole ngakhale imodzi bambo. Imodzi mwa zimenezo imagwira sear (kachitsulo koletsa mfuti kuwomba trigger isanakokedwe), mukailakwitsa mfuti imatha kuwomba yokha potseka. Tijambulireni pepala la mapeleti khumi lija, ndipo mutiuze, ndi pistol kapena rifle?