Bolt ikulimba nditasintha zipolopolo pa .308

Mlenje wa ku Santhe: Akuluakulu thandizeni msanga. Mfuti yanga ya .308 ija ndakhala ndikudzaza ndekha onga m'makhokho ake zaka zinayi ndi zipolopolo za soft point (za mtovu m'kati, nsonga yofewa) zolemera 150 grain, popanda vuto. Zandithera, ndiye alamu andibweretsera za mkuwa wokhawokha kuchokera ku Johannesburg, 150 grain yomweyo. Onga ndi S335 womwe uja, muyeso sindinaukhudze. Dzulo masana ndawomba zitatu pa chulu. Yachiwiri bolt (chitsulo chotsekera kumbuyo kwa mpope) yachita kufuna chikhatho kuti itseguke, primer (kapu yoyatsira onga) yaphwatalala, kumbuyo kwa khokho kwatsala kachipsera konyezimira. Ndinadzaza 40. Nguluwe zikutha chimanga cha kudimba ndipo abwana akuti Lachisanu ndikagone kumunda. Nditani?

Wa ku Chamama: Achimwene, imani pomwepo. Pa 37 zotsalazo musawombe ngakhale imodzi. Zonse mwatchulazi ndi pressure, mphamvu ya onga yachuluka m'mfutimo. Zulani zipolopolo m'makhokho ndi puller (kachida kozulira), onga mukhuthule.

Madala a ku Chulu: Ana inu, 150 ndi 150, sikelo sinama. Mfutiyo yangoda m'chamber, molowa khokhomo. Tsukani muone.

Wa ku Chamama: Ayi madala, sikelo imangoona kulemera. Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, ndiye kuti chipolopolo chikwane 150 chimatalika. Mukachikhazika pa utali wakale chimamira kwambiri m'khokho, malo a onga n'kuchepa. Mukachitulutsa chimakagunda mizere ya mu mpope chisanayambe n'komwe kuyenda. Ndiponso n'cholimba, sichifinyika ngati cha mtovu m'kati. N'chifukwa chake opanga zamkuwa amatulutsa tebulo laolao la miyeso ya onga. Pezani la chipolopolo chimenecho ndi onga umenewo, yambirani pa muyeso wapansi penipeni, kukwera pang'onopang'ono, khokho lililonse mukuliyang'ana.

Wa ku Nkhamenya: Makhokho ake ndi ati? Ngati ndi aja a 7.62 a chisilikali, ambiri ndi ochindikala, m'kati ndi mochepa. Osasakaniza ndi a .308 ogula. Komanso mwati masana? Dzuwa la Okutobala lino, zipolopolo zikakhala pa dashibodi zimatentha zosagwirika, ndipo onga wotentha umakankha kwambiri.

Mlenje wa ku Santhe: Makhokho ndi osakaniza, ena ndinapatsidwa. Bokosi linalidi m'galimoto. Koma nthawi yozula zonsezi ndiitenga kuti abale?

Madala a ku Chulu: Ndayamba kugwira mfuti ena mwa inu musanabadwe. Kulemera kukafanana, onga sasintha. Tsukani chamber.

Wa ku Mtunthama: Madala, ndimakulemekezani, koma izi ndinaziona ndi maso. Malume anga ankasunga onga m'chitini cha mkaka chopanda chizindikiro. Tsiku lina anathiramo wa shotgun poganiza kuti onga ndi umodzi. Mfuti inang'ambika pa chamber ngati nsungwi, zala ziwiri zinatsala pomwepo, tinawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu usiku. Mpaka lero ndikamva bolt ikulimba mtima umandigunda. Nguluwe idzabweranso chaka chamawa, diso silibwerera.

Wa ku Nkhamenya: China, ngakhale pressure itatsika, zero yanu yapita, zatsopanozi sizigwera pomwe mwalozetsa ngati zakale zija. Musakalowe kumunda usiku musanawombe pa pepala mamita 100. Onani mabowo: akakhala aataliatali, chipolopolo chikugubuduzika, twist (kupotana kwa mizere) ya mpope wanu siikuchigwira. Ma .308 ena twist yake ndi 1:12 (kuzungulira kamodzi pa mainchesi 12), satenga bwino zazitali. Ndipo chamkuwa chimaboola n'kupitirira, kudimbako kuseri kwa chimanga kumakhala anthu olondera m'misasa.

Wa ku Chamama: Za Lachisanu, ngati m'nyumba muli zogula za kufakitale tengani zomwezo. Apo ayi auzeni abwana adikire. Mukafunsenso ku polisi pa boma ngati chiphaso chanu chikukhudza zimene alamu abweretsazo, zisadzakuvuteni pa rodibuloko.

Madala a ku Chulu: Ine ndanena. 150 ndi 150.

Wa ku Mtunthama: Koma inu a ku Chulu, njovu zikutulukabe kumeneko? Chibweretsere zija 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022 abale anga a m'mbali mwa paki ya Kasungu akugonera kumunda.

Madala a ku Chulu: Zadutsa sabata yatha, chinangwa cha mpongozi wanga chonse pansi. Zimenezo musaziyerekeze ndi .308 yanu, imbirani a zanyama zakutchire.

Wa ku Chamama: A ku Santhe, mwazula?