Ntchila ikadalipo ku Bua? Tingatsimikize bwanji?

Wakulinga: Asodzi ena kuno ku Nkhotakota akuti agwira ntchila pamathiriro a mtsinje wa Bua, pomwe ambiri amati inatha kalekale. Umboni wake ungakhale wotani?

Achimwene_a_Chia: Chenjerani, ambiri amasokoneza ntchila ndi ningwi poti n'zapachibale. Igonekeni chammbali pathabwa, ikani rula pansi pake, tambasulani zipsepse, mujambule. Jambulaninso kukamwa kwake kuchokera kunsi. Lembani tsiku, malo enieni ndi mtundu wa ukonde. Chithunzi cha nsomba yowamba kale n'chosathandiza.

Mayi_Senga: Chithunzi chokha sichikwana, bambo. Dulani kachidutswa ka chipsepse kochepa ngati chikhadabo, mukaike m'kabotolo ka ethanol wa 95%. Osagwiritsa ntchito mankhwala a formalin, amawononga DNA, yomwe akatswiri amayeza kuti adziwe mtundu wa nsomba. Kachasunso ali ndi madzi ambiri, kachidutswako kamawola. Kenako kaperekeni ku ofesi ya zausodzi. Nthawi yabwino yofufuza ndi yadzinja, pamene nsombazi zimakwera mitsinje kukaswana.

Wakuthengo: Zoterezi zimatheka ndithu. Kabilimankhwe ka Chapman, komwe ankaopa kuti kanatha, anakapeza mu 2016 m'tinkhalango totsala kufupi ndi Nsanje. Anafufuza usiku ndi matochi, chifukwa masana kamafanana ndi tsamba louma.