Kodi n'koyenera kudyetsa agalu nyama yaiwisi m'malo mwa nsima ndi zophika?

Mayi Nachisale, Lilongwe

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukuweta agalu kwa nthawi yaitali. Pakhomo pathu pali agalu awiri, wina wamkulu wolemera makilogalamu 30 ndipo wina ndi mwana wa miyezi 4 wa mtundu wa agalu akuluakulu wotchedwa Boerboel. Mpaka pano timawaphikira nsima ya mgaiwa n'kusakaniza ndi bonya komanso msuzi wa mafupa. Mlamu wanga amene amakhala ku Johannesburg akuti ndisiye kuphika ndipo ndiziwapatsa nyama yaiwisi basi, chifukwa galu ndi mbale wake wa mmbulu, ndipo mmbulu sudya zophika. Kumsika kwathu mapapo, chiwindi ndi zamkati zina za mbuzi n'zotsika mtengo, choncho maganizowa andikopa ndithu. Chimene chikundichititsa mphwayi n'chakuti ndili ndi ana aang'ono amene amasewera ndi agaluwa tsiku lililonse. Kodi njirayi ndi yabwino, ndipo ngati ndi yabwino, munthu amayamba bwanji?

Bambo Gondwe, Mzuzu

Mayi, agalu anga amadya zaiwisi ndipo ali ndi thanzi labwino, koma mawu akuti "nyama basi" amene alamu anu anena ndi amene amapweteketsa agalu ambiri. Amene anatchukitsa kadyetsedwe kameneka ndi dokotala wa ziweto wa ku Australia, Ian Billinghurst, mu 1993, ndipo iye sankanena za mnofu wokha ayi, ankanena za mafupa aawisi okhala ndi nyama, zamkati ndi masamba. Ambiri amene timatsata njirayi timagawa chakudya motere: pa magawo 100 aliwonse, magawo 80 akhale mnofu, 10 mafupa odyeka, 5 chiwindi, ndipo 5 otsalawo ziwalo zina monga impso. Galu wamkulu amadya chakudya cholemera magawo 2 kapena 3 pa 100 a thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wanu wa makilogalamu 30 akufunika magalamu 600 mpaka 900. Muwerengere ndalama zake pamwezi musanayambe, pakuti mapapo okhawokha sangakwanire.

Nkhawa yanga ili pa kagaluko. Mnofu uli ndi fosiforasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, pamene thupi la galu limafuna kuti kashiamu apose fosiforasi pang'ono. Mwana wa galu akamadya mnofu wopanda mafupa, thupi limayamba kuchotsa kashiamu m'mafupa ake omwe, miyendo imapindika, ndipo akhoza kuthyoka fupa pongodumpha pakhonde. Kumuchulutsira kashiamu nakonso kumawononga mfundo za agalu a mitundu ikuluikulu amene akukula msanga. Kameneko musakayambitse popanda dokotala wa ziweto kukuwerengerani miyeso.

Mayi Nabanda, Zomba

Ndimagwira ntchito ya zaumoyo wa ziweto, ndipo ngakhale a Gondwe alongosola bwino za miyeso, sindingakulangizeni njirayi pakhomo pokhala ana aang'ono. Nyama yaiwisi imakhala ndi mabakiteriya monga Salmonella, Campylobacter ndi Listeria. Galu akhoza kudya osadwala, komabe amatulutsa tizilomboti m'chimbudzi chake, timatsalira m'mbale yake ndi kukamwa kwake, kenako amakanyambita mwana kumaso. Ku America, bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala la FDA linayeza zakudya za ziweto zaiwisi zogulitsidwa m'mapaketi pakati pa 2010 ndi 2012, ndipo mwa zitsanzo 196, zokwana 15 zinali ndi Salmonella pamene 32 zinali ndi Listeria monocytogenes. Zimenezo zinali zopangidwa m'mafakitale n'kusungidwa mozizira. Ganizirani tsono za nyama imene yakhala pathebulo kumsika kuyambira m'mawa, ntchentche zili ng'waa. Firiji sipha mabakiteriya, imangowagonetsa, ndipo magetsi akathima kwa maola ambiri nyama imasungunuka iwo n'kuyambiranso kuswana.

Chimene ndikufuna muchimvetse kwambiri ndi nkhani ya zamkati zotsika mtengozo. Pa chiwindi ndi mapapo a mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe nthawi zina pamakhala timatumba todzaza madzi. Ogulitsa ena amangotidula n'kuponyera agalu, poganiza kuti chimene munthu sangadye galu adya. M'timatumbato muli ana a njoka ya m'mimba yotchedwa Echinococcus granulosus. Njokayi imakhwimira m'matumbo a galu, ndi yaing'ono kwambiri moti simungaione m'chimbudzi, ndipo galuyo saonetsa kudwala kulikonse. Mazira ake amamatirira ku ubweya ndi m'dothi la pabwalo. Mwana akawameza, m'chiwindi kapena m'mapapo mwake mumamera chotupa chamadzi chimene chimakula mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo kawirikawiri chimafuna opaleshoni. Dziko la New Zealand linalimbana ndi matendawa kwa zaka zambiri poletsa kupatsa agalu zamkati zaziwisi ndi powamwetsa mankhwala a njoka kawirikawiri, mpaka linalengeza mu 2002 kuti matendawa sakupezekanso. Mutu wa mbuzi yodwala chizungulire nawonso musaupereke kwa galu, chifukwa mu ubongo wake mumakhala njoka ina yofanana nayo.

Nyama ya chiweto chimene chafa chokha isaperekedwe n'komwe, yaiwisi kapena yophika. Matenda a anthrax amene anavuta ku Zambia mu 2023 amafala kudzera m'nyama yotereyi, ndipo woyamba kukhala pangozi ndi munthu amene akuisenda.

Bambo Mbewe, Blantyre

Ndingoyankhako za mmbuluzo. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden anapeza kuti mmbulu uli ndi makope 2 okha a jini (kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo) yothandiza kugaya sitachi wa m'zakudya monga chimanga, pamene agalu ali ndi makope 4 mpaka 30. Galu wakhala akudya zotsala za anthu olima kwa zaka masauzande ambiri, ndipo mimba yake inazolowera. Nsima ya mgaiwa siimupweteka. Vuto la agalu ambiri kuno kwathu n'lakuti nsima imachuluka, ndiwo n'kungokhala fungo lokha.

Mayi Nachisale, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse. Mayi Nabanda, ndikasankha kupitiriza kuphika, kodi mafupa ndiziwapatsa motani, popeza a Gondwe anena kuti kashiamu ndi wofunika?

Mayi Nabanda, Zomba

Mafupa ophika kapena owotcha musawapatse, makamaka a nkhuku, chifukwa amauma n'kusweka mosongoka ndipo akhoza kubaya kummero kapena m'matumbo. Mafupa a miyendo ya ng'ombe nawo, ngakhale aawisi, amathyola mano akuluakulu a kumbuyo. Msuzi wa mafupa umakometsa chakudya koma kashiamu wake ndi wochepa. Bonya amene mukuwapatsa kale akuthandiza chifukwa amadyedwa ndi minga yomwe, bola asakhale wa mchere wambiri. Kwa galu wamkuluyo mungathenso kuumitsa makoko a mazira owiritsa, kuwasinja kuti akhale ufa, n'kuthira pafupifupi theka la sipuni yaing'ono pa theka la kilogalamu ya nyama.

Zamkatizo muziwiritsa kwa mphindi 30 mutazidula tizidutswa, ndipo chiwalo chilichonse chokhala ndi timatumba tamadzi muzichiwotcha kapena kuchikwirira mozama pomwe galu sangafukule. Chiwindi chisachuluke, chifukwa vitamini A wochuluka amawononga mafupa. Musathiremo anyezi kapena adyo, pakuti amaphwanya maselo ofiira a magazi a galu. Agalu onse awiri azimwa mankhwala a njoka okhala ndi praziquantel, chifukwa mankhwala ena opha njoka zozungulira sapha njoka zaphanthiphanthi zimene ndafotokoza zija. Za kagaluko, pitani nako kwa dokotala wa ziweto akakayeze sikelo, ndipo mumufunse ngati sikangadye chakudya cha m'thumba chopangidwira ana a agalu a mitundu ikuluikulu kufikira katasiya kukula.