Hilux yolira tsiku limene yafuna

Chikondi, Kasungu boma: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Pagalaja pano pali Hilux D-4D 2.5 ya 2012, ya bambo wina wonyamula mabelo a fodya kuchoka ku Chamama kupita ku Chinkhoma. Tsiku lina kungopotokola kiyi yalira, tsiku lina sitata imazungulira bwinobwino koma injini zii. Akaisiya kanthawi n'kuyesanso, imalira. Batire ndi yatsopano, fyuluta ya dizilo anasinthitsa kwina, ndipo kumeneko amuuza kuti agule pampu ya dizilo. Kamakina kanga koyezera kompyuta ya galimoto sikakuonetsa code (nambala ya vuto) iliyonse.

A Banda amagetsi, Santhe: Pampu asagule kaye, ndalama zake si zamasewera. Ikakananso, iwe usathamangire kutsegula boneti, yang'ana kanyali ka security. Kiyi ikakhala kunja kamaphethira, ukalowetsa kiyi yoidziwa kamayenera kuzima. Ngati kakuphethirabe kiyi ili momwemo, galimotoyo ikumuyesa mwini wake wakuba, ndiye kompyuta sikulola ma injector kuthira dizilo. Toyota sitata imaisiya kuti izizungulira, n'chifukwa chake ambiri amanamizira pampu.

Chikondi: Mwiniwake akuti ku Chinkhoma anaikankha anyamata ambirimbiri mpaka thukuta, osalira.

A Banda: Eya, ya immobiliser, chitetezo choletsa injini kulira ndi kiyi yosadziwika, ngakhale muikankhe mpaka ku Mtunthama siingalire.

Yamikani: Mwina kabatire ka rimoti kafooka? Sinthani kaye kameneko, n'kotchipa.

A Mwale, Mchinji: Ayi mphwanga, kabatire kaja ndi kotsegulira zitseko basi. Chip cha mu kiyi, chimene galimoto imazindikirira kiyi yake, chilibe batire, mphamvu chimatenga ku koyilo yozungulira pakamwa pa loko ya igineshoni. Chikondi, kiyiyo ili yokha kapena ili pamulu? Madalaivala a fodya amakonda kumanga makiyi a galimoto ziwiri pamodzi, ma chip awiri n'kumayankha nthawi imodzi. Ufunsenso ya sipeya. Ngati ya sipeya ikuliza nthawi zonse, yavuta ndi kiyi. Zikamakana zonse, vuto lili m'galimoto.

Chikondi: Madala, yangokana pompano ndipo kanyali kakuphethiradi. Kiyi ndaichotsa pamulu, chimodzimodzi. Ya sipeya yaliza kenako nayonso yakana.

A Banda: Ndiye makiyi asiye. Kamakina kakoko kamawerenga za injini zokha, zoyamba ndi P. Kabwereke yaikulu yolowa mu immobiliser. B2795 ndiye kuti kiyi sikudziwika, B2796 kiyi ndi bokosi la immobiliser sizikumvana, B2784 koyilo yaduka kapena yagundana, B2799 bokosi la immobiliser ndi kompyuta ya injini sizikulankhulana. Uyezenso batire pamene sitata ikuzungulira, ndi waya wa earth. Batire yatsopano pa matemino odzadza ufa woyera sipindula kanthu.

Yamikani: Bwanji osangoichotsa immobiliser yonseyo? Ku Lilongwe amapanga.

A Mwale: Amapangadi, koma Hilux imene mbava zimaikhumbira chonchija, ife tili pafupi ndi malire a Zambia, uivule chitetezo chifukwa cha kawaya? Ikasowa, woyamba kufunsidwa ndi makaniko amene anaigwira.

Chikondi: Makina ndabwereka. Yatulutsa B2796, batire ndi earth zili bwino. Koyilo ndiitanitse?

A Banda: Dekha. Masula zivundikiro za pulasitiki pansi pa chiwongolero, ulowetse kiyi, kenako uzigwedeza pang'onopang'ono pulagi yopita ku koyilo, n'kumatulutsa kiyi ndi kuibwezeranso, maso ali pa kanyali. Msewu wa fumbi wa ku Chamama umakhutchumula chilichonse. Uonenso ngati pali amene analowetsapo alamu kapena tracker, pajatu ena amasenda waya n'kungopiringiza tepi.

Chikondi: Mwalasa a Banda. Muli alamu yakale yosagwira ntchito, ndipo amene anaika uja anathyola kotsekera pulagi ya koyilo. Ikungolendewera, pini imodzi yachita kubiriwira. Ndikaikanikiza, kiyi ikalowa kanyali kakuzima. Ndikaisiya kakuphethira.

A Mwale: Alamuyo ichotse yonse, mawaya amene anadula uwalumikize powotcherera ndi solder, osati kupota ndi manja. Pini uitsuke, uifinye pang'ono kuti igwire, pulagi uimange ndi cable tie. Ukafufuta code usamupatse lero lomwe, kaiyendetse kaye pa mabampu.

Chikondi: Zatheka. Ndafika nayo mpaka ku damu podzera njira ya fumbi, ndikuzimitsa ndi kuliza m'njira monse, sinakanepo. Code sinabwerere. Mwiniwake akubwera mawa m'mamawa, akuti mabelo akudikira.

A Banda: Umuuze makiyi a thirakita aziyenda paokha.