Ndapita padera katatu, ndithandizeni nzeru

Moni amayi anzanga nonse. Ndili ndi zaka 31, ndimakhala ku Mchinji, ndipo pa zaka ziwiri zapitazi ndapita padera katatu. Mimba ziwiri zoyamba zinachoka zili ndi miyezi iwiri. Yachitatu inafika miyezi isanu, mwana ndikumumva akusuntha, kenako madzi anangotuluka usiku popanda ululu weniweni. Kachipewa komwe ndinamulukira kadakali m'sutikesi, ndikulephera kukataya.

Kusikelo anandiyeza chindoko, shuga, malungo ndi BP, zonse zili bwino. Folic acid ndinkamwa tsiku lililonse. Nditatsukidwa m'mimba ulendo womalizawu anangoti ndidikire kaye, osandifotokozera chomwe chikuchititsa. Apongozi ananditengeranso kwa asing'anga, osaphula kanthu. Bambo akunyumba akundilimbikitsa, koma achibale awo ayamba kundinena, mpaka ndimaopa kupita kumaliro ndi kuzinkhoswe.

Namwino wina anandinong'oneza kuti mwina khomo la chiberekero limatseguka msanga, ndipo amatha kulisoka mimba ikakwana miyezi itatu. Alipo muno amene anasokedwapo n'kubereka bwinobwino? Kuti ndionane ndi dokotala wa amayi ku Kamuzu Central, kalata ndikatenge kuchipatala cha boma kwathu kuno? Nanga ndipemphe kuti andiyeze chiyani ndisanaimenso?